Disitiribyuta ya Datsun ndi phunziro la magetsi la Fomu 4

Angapo mwa inu mwakhala mukundifunsa ngati kapikapu kanga ka Datsun 1200 kadakayenda. Eee, kakuyenda ndithu. Lero ndikufuna ndikambe za kachipangizo kamene kamachititsa kuti magalimoto akale ambiri agonekedwe pamiyala pomwe vuto lake ndi laling'ono: disitiribyuta.

Galimotoyi anandisiyira ndi malume anga. Ili ndi injini ya A12, ya masilinda anayi, 1171 cc. Mtundu umenewu ankaupanga ku South Africa, ndipo mng'ono wake, Nissan 1400, anapitiriza kumupanga mpaka mu 2008. Kuno kwathu kumudzi, galimoto yoteroyi si ya manyado ayi. Mwana akadwala usiku pasukulu, kapena mayi woyembekezera nthawi yake ikakwana, anthu amagogoda pakhomo la amene ali ndi galimoto. Ndiye ikakana kulira, nkhani yake si yamasewera.

Tiyambe ndi m'mene zimagwirira ntchito. Batire limapereka mavoti 12 okha, koma kuti moto udumphe pa pulagi pamafunika mavoti masauzande ambirimbiri. Ntchito yokweza mphamvuyi ndi ya koyilo, yomwe mkati mwake muli mawaya awiri okulungidwa, wina wonenepa wozungulira kangapo, wina wowonda wozungulira kambirimbiri. Mkati mwa disitiribyuta muli mapointi, tizitsulo tiwiri timene timatseka ndi kutsegula. Tikatseka, magetsi amayenda mu koyilo n'kupanga mphamvu ya maginito. Tikangotsegula, mphamvuyo imagwa mwadzidzidzi, ndipo waya wowonda uja amatulutsa mavoti ochuluka. Rota imatenga motowo n'kuupereka ku pulagi yoyenera kudzera mu kapu, mwa ndondomeko ya 1-3-4-2. Kondensa ili pambali kuteteza mapointi kuti asapse komanso kuthandiza kuti magetsi aduke msanga.

Amene munaphunzira nane mwazindikira kale. Izi n'zimene Michael Faraday anatulukira mu 1831, ndipo Charles Kettering wa ku America anazigwiritsa ntchito m'magalimoto a Cadillac mu 1910. Nayi samu ya m'kalasi: injini ya masilinda anayi imafuna moto kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti mapointi akutsegula ka 6,000, kutanthauza ka 100 pa sekondi imodzi. Kachitsulo kogwira ntchito chonchi kangalephere bwanji kutha?

Tsopano galimoto yakana kulira, sitata ikuzungulira bwinobwino, petulo alimo. Mutani? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimatsata njira iyi, ndipo sindilumpha.

Choyamba, zulani waya wapakati pa kapu, wochokera ku koyilo. Mugwireni ndi pulayala yokutidwa bwino, nsonga yake italikirane ndi chitsulo cha injini mamilimita 5 kapena 6, giya ili pa fili, wina alize sitata. Pasakhale petulo wotayikira pafupi. Moto wabuluu wothetheka ndi wabwino. Wachikasu wofooka, kapena kusowa kwa moto, ndiye kuti vuto lili kumbuyo: mapointi, kondensa, koyilo kapena mawaya ake.

Ngati moto ulipo pa wayayo koma sukufika ku mapulagi, yang'anani kapu ndi rota. Mkati mwa kapu mukaona kamzere kakuda ngati kolembedwa ndi pensulo, imeneyo ndi njira imene moto wadzipangira yothawira, ndipo kapuyo yatha. Onaninso ngati ili ndi mng'alu, komanso ngati kakhala kapakati kokhudza rota sikanaperepeseke. Nthawi ya dzinja chinyontho chimalowa m'menemo, ndipo kansalu kouma kokha kamatha kudzutsa galimoto. Rota nayo mutha kuiyesa: vulani kapu, yandikizani waya wa koyilo uja pamwamba pa rota n'kuliza sitata. Moto ukadumphira pa rota, ndiye kuti rotayo yaboola, ikutayira magetsi ku chitsulo.

Ngati moto palibiretu, tengani babu laling'ono la mavoti 12, mulilumikize pakati pa mbali ya negativu ya koyilo ndi chitsulo cha galimoto. Poliza sitata liyenera kuphethira. Likangoyaka osazima, mapointi sakutseka bwino, ada, kapena kawaya kawo kaduka. Likapanda kuyaka n'komwe, mapointi sakutsegula, kapena pali shoti, kapenanso magetsi sakufika ku koyilo.

Mpata wa mapointi pa injini ya A12 umakhala pakati pa 0.45 ndi 0.55 mm atatsegula kwathunthu, ndipo timayeza ndi fila geji, osati ndi maso. Kachidendene ka mapointi kamene kamakhula pa shafiti kamatha pang'onopang'ono, mpata n'kumachepa, moto n'kumachedwa, galimoto n'kumafooka pa chitunda uku ikumwa petulo ngati chidakwa. Kagirizi kochepa kwambiri pamalo pokhulapo kamachedwetsa zimenezi. Mukasintha mpata, onaninso taimingi, chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi.

Pali zina zitatu zimene anthu amaiwala. Gwedezani shafiti uku ndi uku; ikamasewera, mabushi atha ndipo mpata wa mapointi sudzakhazikika. Potozani rota pang'ono ndi dzanja n'kuisiya. Iyenera kubwerera yokha. Ikakakamira, tizitsulo tolemera tapansi timene timafulumizitsa moto injini ikathamanga tachita dzimbiri. Kenaka yamwani kapaipi ka vakyumu. Mbale ya mapointi iyenera kusuntha. Ikapanda kusuntha, kachikopa ka mkati kang'ambika. Ndipo musanazule disitiribyuta yonse, lembani chizindikiro pamene yakhalira ndi kumene rota yaloza.

Kondensa ndiye wachinyengo wamkulu. Chaka china, m'mwezi wa February, ndinanyamula mtsikana wa Fomu 2 amene malungo anamupanikiza usiku, pamodzi ndi mayi woyang'anira atsikana. Titayenda ndithu, injini inayamba kudumphadumpha kenaka n'kuzima. Mayi aja anati, "Aphunzitsi, petulo watha kodi?" Petulo analimo. Nditavula kapu n'kuunika ndi tochi, ndinaona moto waukulu ukuthetheka pa mapointi, nkhope zake zitapsa. Chimenecho ndi chizindikiro cha kondensa yofooka, ndipo nthawi zambiri imaonetsa khalidwe lake injini ikatentha. Malume ankasunga kondensa, mapointi ndi rota zapadera m'kachitini pansi pa mpando, ndipo ine mwambowo ndinaupitiriza. Ndinasintha kondensa, n'kupala mapointi pang'ono, tinanyamuka. Mwanayo anafika kuchipatala usiku womwewo ndipo anachira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti galimoto ngati imeneyi ikapita kwa amakaniko ena, amayamba ndi kumasula kabureta, kenaka akuuzeni mugule koyilo, kenaka mapulagi, ndalama n'kutha vuto lili pomwepo. Sindikuwanyoza. Achinyamata ambiri anaphunzirira pa magalimoto atsopano amene alibe disitiribyuta, pulagi iliyonse ili ndi koyilo yake ndipo kompyuta ndiyo imalamula. Madala amene ankamva vuto la mapointi ndi khutu akutha. Alipo ena amene amachotsa mapointi n'kuika kachipangizo ka ilekitironiki, ndipo kamagwira bwino ntchito. Ine ndinasiya mapointi chifukwa akavuta pathengo ndimatha kuwakonza ndi sikuludiraiva.

Tsono anzanga a sayansi, apa ndi pamene pali pempho langa. Mutu wa maginito ndi magetsi ana athu amauloweza pamtima ngati ndakatulo, mayeso a MSCE akatha n'kuuiwala. Ine ndimawatulutsa panja, n'kutsegula boneti. Ndimawafunsa kuti, moto utuluka mapointi akatseka kapena akatsegula? Pafupifupi onse amati akatseka, poti ndi pamene magetsi akuyenda. Ndikatsegula mapointi ndi kamtengo kouma moto n'kuthetheka, kalasi imakhala chete. Tsiku lina mtsikana wina wosayankhulayankhula anati, "Sala, ndiye kuti chofunika si maginito, koma kusintha kwa maginito." Lamulo la Faraday ndi limenelo, ndipo analinena yekha.

Simufunika galimoto yoyenda kuti muchite zimenezi. Koyilo yakale, disitiribyuta yotayidwa, pulagi imodzi ndi batire n'zokwanira, ndipo kwa amakaniko a pamsika zinthuzi zimangokhala m'mulu wa zitsulo. Zikhomereni pa thabwa, ana azizungulitsa shafiti ndi dzanja. Muwachenjeze kuti asagwire waya wa moto, komanso musasiye magetsi olumikiza mapointi ali otseka, chifukwa koyilo imatentha n'kupsa. Aphunziranso chinthu china chimene silabasi imachitchula koma sitichiphunzitsa mokwanira: kuyesa chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, n'kuona zotsatira musanagamule.

Ndipo inu ana anga akale amene muli m'magalaja ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ngakhale ku Joni, mukapeza disitiribyuta yakale musaigulitse kwa ogula zitsulo. Kaiperekeni kusukulu imene muli nayo pafupi.