Kuwerenga Utsi wa pa Sukulu Yaukachenjede

Ambiri mwa ife tili ndi mwana, mdzukulu kapena mphwathu amene akuphunzira ku sukulu yaukachenjede, ndipo tikamamuganizira, mtima umakhala pa fizi, pa mayeso ndi pa ntchito imene adzapeze. Koma pali funso lina limene masukulu otere akhala akudzifunsa kuyambira mu 1990, pamene akuluakulu a mayunivesite anasonkhana ku Talloires, m'dziko la France, nalonjezana kusamalira chilengedwe. Funsolo ndi ili: kodi sukulu yathu ikutulutsa mpweya wochuluka bwanji wotenthetsa dziko, ndipo tingauchepetse motani? Ife a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba funsoli latiyandikira, pakuti ku Cuamba kuli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique, imene inatsegulidwa mu 1999.

Pa Chingerezi chiwerengerochi amachitcha carbon footprint, pa Chipwitikizi pegada de carbono. Monga mlenje amadziwa kukula kwa nyama poona mapazi ake pa dothi lonyowa, momwemonso akatswiri amadziwa kulemera kwa sukulu pa chilengedwe poona zimene yawotcha, yagula ndi yataya m'chaka chimodzi. Zonsezi amaziika m'magawo atatu. Gawo loyamba ndi utsi wotuluka pa sukulu pomwepo: dizilo wa jenereta ndi thirakitala, nkhuni za kukhitchini, ng'ombe za m'khola. Gawo lachiwiri ndi magetsi ogula. Gawo lachitatu, limene limavuta kuwerenga, ndi la zinthu zochitikira kunja kwa mpanda chifukwa cha sukuluyo, monga maulendo a ophunzira pa chapa, simenti yomangira, mapepala ndi chakudya.

Masamu ake sali opitirira nzeru zathu. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya wa kaboni, ndipo ya petulo pafupifupi 2.3. Tiyerekeze jenereta imene imamwa malita 10 tsiku lililonse. Pa tsiku ndi makilogalamu 27, ndipo pofika kutha kwa chaka ndi pafupifupi matani 10. Kilogalamu imodzi ya makala imatulutsa pafupifupi makilogalamu 3 a mpweyawu pa mbaula, komatu kuti makalawo apezeke, nkhuni zolemera kasanu kapena kuposerapo zinapsa kale mu uvuni kuthengo. Pa sukulu ya zaulimi pali zinanso ziwiri. Ng'ombe ikamabzikula imatulutsa mpweya wa methane, umene pa zaka 100 umatenthetsa dziko pafupifupi ka 28 kuposa mpweya wa kaboni. Nayenso feteleza wothiridwa mopyola muyeso amatulutsa mpweya wina wamphamvu koposa pamenepo. Chotero chofunika poyamba ndi kope, sikelo, malisiti a mafuta ndi a magetsi, ndiponso munthu wokhulupirika wolemba mwezi ndi mwezi.

Tikudziwa kuti wina afunsa, ndipo funso lake ndi lolungama: nanga ife tawononga chiyani? Munthu mmodzi wa ku Mozambique, tikawerenga mafuta, gasi ndi malasha, safika ngakhale theka la tani pa chaka, pamene wa ku America amapitirira matani 10. Magetsi athu ambiri ndi a madzi, ochokera ku Cahora Bassa. Timaonanso ndi maso athu sitima zazitali za malasha a ku Moatize zikudutsa pa Entre Lagos ndi pa Cuamba kupita ku doko la Nacala, kuti akawotchedwe m'mafakitale a kutsidya kwa nyanja. Komabe namondwe safunsa kuti wawotcha malasha ndani. Idai anasakaza Beira mu 2019, Gombe anadza mu 2022, ndipo Freddy mu 2023 anapha anthu oposa 600 kwa abale athu a ku Malawi. Inde, ngongole yaikulu ili pa mayiko olemera, ndipo sitiyenera kuchita manyazi kuwakumbutsa zimene analonjeza ku Paris mu 2015.

Ngakhale zili chomwecho, ife tikuona zifukwa zitatu zoti sukulu ya kwathu iziwerenga utsi wake. Choyamba, chimene chimatulutsa utsi ndi chomwenso chimadya ndalama. Babu loyaka usana, pampu yodontha ndi galimoto yoyenda yopanda anthu, zonsezi zimalipiridwa ndi fizi ya ana athu. Chachiwiri, utsi wochuluka wa kuno ukuchokera ku mitengo yodulidwa ndi kutenthedwa. Tikayenda pa msewu wochokera ku Cuamba kudutsa ku Mandimba mpaka ku Massangulo, matumba a makala ndi milu ya nkhuni m'mbali mwa msewu zimatiuza kumene misuku, masasa ndi mibawa ikupita. Mtengo ukachoka paphiri, dothi limatsetsereka, mtsinje umakwiririka, ndipo amayi athu amayenda mtunda wautali kukafuna madzi. Chachitatu, wophunzira amene wazolowera kuyeza ali pa sukulu adzayezanso akadzakhala mlangizi wa zaulimi m'midzi mwathu, ndipo adzalankhula ndi boma ndi makampani ali ndi manambala m'manja.

Kuchepetsa kumayamba ndi zinthu zazing'ono: kuzimitsa magetsi, kuika mababu osadya mphamvu, kuphika pa mbaula zosatha nkhuni, kusandutsa zinyalala za kukhitchini ndi ndowe kukhala manyowa, ndi kuleka kutentha mapesi ndi tchire. Zikuluzikulu zimatsatira. Dzuwa la ku Niassa ndi chuma, ndipo umboni tili nawo pafupi, pakuti mu 2023 kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa ku Tetereane, ku Cuamba komweko, okhala ndi mabatire osunga mphamvu. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga inayambanso kugwira ntchito mu 2016, ndipo anthu ambiri m'sitima imodzi amatulutsa utsi wochepa kusiyana ndi pamene aliyense akwera galimoto yake.

Pa nkhani yobzala mitengo tichenjezane. Mtengo wobzala lero umatenga zaka zambiri kuti ubweze mpweya wa mtengo waukulu umene wadulidwa, choncho kuteteza umene ulipo kumaposa kubzala wina. Tiziwerenga mitengo imene yapulumuka chilimwe chachitatu, osati mbande zimene zinakwiriridwa tsiku la mwambo. Ndipo tikumbuke kuti minda ikuluikulu ya bulugamu ndi paini m'chigawo chino inabweretsa mikangano ya malo pakati pa alimi ndi makampani. Utsi wa sukulu usafafanizidwe polanda munda wa mayi wamasiye.

Mutu umodzi susenza denga. Zimene tikuyembekeza kwa aphunzitsi ndi ophunzira tizichitenso pa mabwalo a mipingo yathu, pakuti tinapatsidwa dziko lino monga akapitawo, ndipo kapitawo amasunga kaundula. Pa msonkhano waukulu ukubwerawu tilembe nkhuni zimene zapsa kukhitchini. Pomanga nyumba yopemphereramo tiwerenge mitengo imene uvuni wa njerwa udye tisanauyatse. Ndipo ana athu akabwera kutchuthi, tiwapatse kopelo kuti atithandize masamu. Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi mabanja anu.