Nyeleti ya Pamphumi

Botox ni poizoni, ndipo ici sicitonzo ai. Amacokela kwa kacilombo kochedwa Clostridium botulinum, komwe kaja kamene kamadwalitsa anthu akadya cakudya ca m'cithini cosasungidwa bwino. Akalasidwa pang'ono kwambili mumnofu, amatseka uthenga wocokela ku minyewa, mnofu uja umagona, khungu la pamwamba pake n'kusalala. Ku America, bungwe la FDA linavomeleza kuti azilasidwa pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002. Pakapita miyezi itatu kapena inai mnofu umauka, makwinya amabwelela, ndipo ufunika kulipilanso.

Ine mizele iwili ya pakati pa nsidze ndili nayo, ngakhale sindinafike zaka 30. Amai ali nayo, ambuya ku Katete nawonso anali nayo. Mnzanga amene amaluka tsitsi m'saluni ina m'komboni mwathu anandigwila pamphumi tsiku lina, amvekele, "Iwe, uoneka monga wakalipa nthawi zonse. Kuli ba sisi ena amabwela pa Ciwelu, amalasa mochipa." Anandionetsa zithunzi pa WhatsApp: nkhope zosalala monga mbale za dothi zatsopano. Ndinazikhumbila ndithu.

Cimene cinandiimitsa ni filiji. Kabotolo ka Botox kafunika kukhala pozizila, pakati pa madigili 2 ndi 8, ndipo akakasungunula kafunika kugwilitsidwa nchito pasanapite maola 24. Apo n'kuti ni 2024, madzi atatsika ku Kariba, malaiti akupita pafupifupi tsiku lonse. Nkhuku inali kuola m'filiji mwathu. Nanga kabotolo koyenda m'cola kucoka saluni iyi kupita saluni ina? Ndinafunsa kumene ba sisiwo amakagula. Mnzanga anaseka cabe, ati amaoda kunja.

Mau akuti "kunja" amatitonthoza kwambili ife a m'komboni. Koma caka comweco ku America, bungwe la CDC linalengeza za akazi amene anadwala, ena mpaka kugonekedwa m'cipatala, atalasidwa Botox wabodza kapena kulasidwa ndi anthu osaphunzila nchitoyo, m'manyumba ndi m'malo okongoletsela anthu. Mu 2025 zinacitikanso ku England. Kabotolo kabodza sudziwa kuti muli mlingo wotani, ndipo ndi poizoni wamphamvu conco, mlingo ndiwo umasiyanitsa mankhwala ndi matenda.

Ngakhale weniweni, wolasidwa ndi dokotala, ali ndi zake. Mutu umawawa, polasidwa pamatupa kapena kuda. Nyeleti ikaphonya pang'ono, mankhwala amatsikila ku mnofu wokweza cikope, diso limodzi n'kutsinzina kwa masabata. Palibe cofufutila, umangoyembekeza. Ndipo kucokela mu 2009, FDA inalamula cenjezo lalikulu papepala la mankhwalawa: poizoni angayende kucoka polasidwa, munthu n'kuyamba kuona zinthu ziwiliziwili, mau kulemela, kumeza ndi kupuma kuvuta, patapita maola kapena masabata.

Pali nyeleti inanso imene anthu amaisokoneza ndi Botox, ya ma filler, yodzaza milomo ndi masaya. Iyo ikalowa mumtsempha wa magazi imautseka. Khungu lingafe, ndipo ena anacita khungu m'maso.

Sindinyoza wofuna kuoneka bwino. Ndalama imene ine ndaika m'mawigi ingagule njinga. Mankhwalawa ali ndi nchito zabwino: amathandiza ana ouma minofu, a maso opingasa, ndi odwala mutu waukulu wa migraine. Cimene cindinyansa ni cakuti tili ndi ZAMRA yolembetsa mankhwala ndi HPCZ yopeleka malaisensi kwa azaumoyo, koma kufunsa munthu pepala lake timakuona monga mwano. Woyendetsa minibasi timamukalipila akathamangitsa. Wonyamula nyeleti pafupi ndi diso lathu timamuuza kuti zikomo.

Mnzako akalasidwa, ndiye wayamba kutsamwa ndi madzi kapena kulankhula monga woledzela, osayembekeza kuti kuce. Mupeleke ku cipatala, ndipo muuze dokotala cimene analasidwa ndi tsiku lake, cifukwa iye mwini angabise ndi manyazi.