Shoo imayambira pa geti

Ife ongodzipereka pa wailesi ya m'dera tikapatsidwa matikiti aulere, sitipita kukavina chabe. Nthawi zambiri okonza shoo amatipempha kuthandiza pa geti, ndiye timaona zimene inu muli kutsogolo kwa siteji simuona.

Kale tikiti inali pepala. Unkagula pa Computicket mu Shoprite, kapena kwa mnyamata wina wa ku Kabwata amene amati amadziwana ndi mabwana. Manje ambiri amalipira ndi Airtel Money kapena MTN MoMo, tikiti n'kubwera pa foni ngati QR code. Pa geti amaiunika, makina akavomera walowa. Wina akabwera ndi screenshot ya tikiti yomweyo, makina amakana. Izi timazikonda, chifukwa matikiti abodza analiza anthu maningi.

Ogwira ntchito nawo ali ndi gulupu ya WhatsApp ndi mawokitoki. Geti imodzi ikadzaza, amauzana n'kutsegula ina. Madzi akatha, uthenga umafika anthu asanayambe kutukwana. Khamu ngati lija linapita kukaona Yo Maps ku Heroes Stadium mu 2023 simungaliyendetse ndi kukuwa.

Koma mu 2024, chaka chimene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, tinali pa shoo ina ku Woodlands. Jenereta inalipo, koma ya siteji yokha. Anthu atachuluka netiweki inayamba kuvuta, mzere n'kufika pamsewu. Mtsikana wina wa ku Chelstone, atakwera mabasi awiri kudzera m'tauni, anafika kutsogolo foni itazima. Kunyumba kunalibe malaiti kuyambira m'mawa. Ndalama analipira, tikiti ili m'foni yakufa. Mlonda anangoti, "Sisi, pitani pambali."

Pambali pomwepo a VIP, ambiri a ku Kabulonga, ankalowa bwinobwino. Mayina awo anali pa pepala, munthu akuwachonga ndi bolopeni. Tinaseka, koma mumtima zinatiwawa.

Mmodzi wa ife anali ndi power bank. Tinadikira naye mpaka foni inayaka, ndipo analowa woimba amene anadzera atatsala ndi nyimbo ziwiri.

Kuyambira tsiku limenelo, okonza akatiitana timafunsa zinthu ziwiri tisanavomere: kodi mndandanda wa ogula onse uli m'makina ngakhale netiweki itagwa, nanga pa geti pali pochajira? Ena amatiyang'ana ngati tafunsa zachilendo. Wina anatiyankha kuti tibwere ndi ekisitenshoni yathu, ndipo tinabwera nayo.