Oyilo akamadontha, ndi ndalama ya matemba ikudontha

Abale anga a ku Kachulu, a pa Chisi, a ku Mchenga ndi nonse amene uthengawu ukupezeni, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yatsala pang'ono musaope, mulibe kanema muno, ndi mawu okhaokha. Lero nkhani si ya nsomba koma ya njinga zamoto zimene zimanyamula nsombazo.

Mwaona nokha kuti kwabwera fashoni. Anyamata ambiri a kabaza akuika ka oil cooler kutsogolo kwa injini, kaja kooneka ngati karediyeta kakang'ono kokhala ndi mapaipi awiri. Ena akuika chifukwa kakukongoletsa njinga, ena chifukwa injini ikutenthadi. Koma tazungulirani pa doko m'mawa, muyang'ane pansi pomwe paima njinga zimenezi. Mupeza timadontho takuda pamchenga. Njinga imene inali youma bwinobwino ikuyamba kukha oyilo tsiku lomwe aiikira chinthu choti chiiteteze. Vuto nthawi zambiri si kit ayi, ndi kamangidwe kake.

Tiyambe ndi chifukwa chake munthu angaifune. Njinga zathu zambiri, kaya Lifo, King Lion kapena Boxer, zilibe madzi oziziritsa injini. Zimazizira ndi mphepo yowomba pa zipsepse za silinda komanso ndi oyilo yemweyo, ndipo oyiloyo ndi wochepa, pafupifupi lita imodzi basi. Tsono taganizani: Okutobala, dzuwa la ku Chilwa mukulidziwa, kumbuyo wamanga madengu a makumba kapena milamba, msewu wa makilomita pafupifupi 30 kukafika ku Zomba, mumchenga ndi m'mabampu ukuyenda giya 2. Injini ikulira kwambiri koma mphepo ikuwomba yochepa. Oyilo akatentha mopitirira amasanduka wamadzimadzi, satetezanso zitsulo mokwanira. Ntchito ya cooler ndi yosavuta kumva: oyilo amatuluka mu injini kudzera paipi imodzi, amadutsa m'timipata ta cooler momwe mphepo imamuziziritsa, kenako amabwerera mu injini kudzera paipi yachiwiri.

Ndinene poyera, si njinga iliyonse ikufunika zimenezi. Ngati umangonyamula munthu mmodzi maulendo afupiafupi, sintha oyilo pa nthawi yake, tsuka matope pa zipsepse za silinda, watha. Ndalama ya kit ukagulire tayala. Ndipo ngati njinga si yako, usaike kanthu usanafunse abwana ako. Ine ndinaika pa yanga chifukwa katundu wanga ndi wolemera ndipo ndimayenda masana.

Bambo anga asodza pa Chilwa chiyambire unyamata wawo. Anaiona nyanjayi ikuuma mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona tonse maboti atakhala pamatope ong'aluka. Boti likakhalitsa padzuwa choncho, matabwa amafota, ndiye madzi akabwerera ntchito yoyamba imakhala kumata. Madalawo amanena kawirikawiri kuti madzi salowera pakati pa thabwa, amalowera pomwe thabwa lakumana ndi linzake. Mmisiri wabwino sathamangira phula. Amayamba wakokota msoko wonse, kuchotsa zakale, kuumitsa, kutsendera nsanza mofanana, phula pomalizira.

Pa njinga ndi chimodzimodzi. Tawerengani nane. Kit zambiri zimabwera ndi mabawuti anayi obowoka mkati, amene amawatcha banjo: awiri ku injini, awiri ku cooler. Banjo iliyonse imafuna mawashala awiri, wina pansi wina pamwamba. Ndiye kuti mawashala 8. Ngati mapaipi ake ndi ongolowetsa n'kumanga ndi kilampu, onjezeranipo malo ena 4. Injini imene inali yotsekeka mwaitsegulira misoko yatsopano 12. Pamalo amodzi pokha pakalakwika, oyilo apeza njira.

Tsiku limene ndinaika yanga ndinasankha nthawi yoti nyanja yatsekedwa, mu Disembala, kulibe chondithamangitsa. Kuthamanga sikufika, abale. Ndinayamba ndi kutsuka injini yonse ndi parafini, kenako sopo, n'kuisiya iume. Ndinayala thumba loyera pamthunzi pomwe sipawomba fumbi, zida zonse pamwamba pake. Kuno kwathu mdani wamkulu ndi mchenga. Kamchenga kamodzi kakakhala pansi pa washala, ngakhale umange bwanji, padontha. Kakalowa mkati mwa paipi ndiye kapita kukakanda mu injini. Mapaipi atsopano ndi cooler yomwe ndinaziuzira ndi pampu ya njinga yakapalasa, chifukwa nthawi zina mumatsalira tizitsulo ta kufakitale.

Za mawashala ndiye mumve bwino. Washala wa kopa amatseka chifukwa ndi wofewa: ukamanga amaphwanyika pang'ono n'kudzaza timikwingwirima ta chitsulo. Akagwira ntchito kamodzi amauma, ukamubwezera satsekanso ngati kale. Gulani atsopano, ndi otsika mtengo kuposa botolo la oyilo. Ngati mwasowa ndithu, wa kopa mukhoza kumuwotcha pa mbaula mpaka afiire, mumusiye azizire, mumupukute bwino, amafewanso. Koma wa aluminiyamu akagwira ntchito kamodzi, tayani.

Palinso chizolowezi chokulunga ka tepi koyera ka mapulambala pa mazinga a banjo. Sizithandiza kanthu. Banjo sitseka pa mazinga, imatseka pa mawashala. Tepiyo imangonyenyeka, tizidutswa take n'kukatseka njira ya oyilo yopita kumutu kwa injini, yomwe ndi yopapatiza kale. Silikoni wopaka mochuluka amachitanso zomwezo: amene wafinyikira kunja mukumuona, koma amene wafinyikira mkati simumuona. Pomwe pali gasiketi ikani gasiketi yatsopano pachitsulo choyera. Pomwe pali kamphira kozungulira, O-ring, kapakeni oyilo pang'ono kuti kasapindike pomanga.

Tsopano mphamvu. Aise, ife ana a asodzi manja athu anazolowera kukoka khoka ndi kupalasa ndi mponda. Mphamvu imeneyo isiyeni kunyanja. Thupi la injini ndi aluminiyamu, ndipo banjo ndi yobowoka mkati, siichedwa kuduka. Yambani kumanga ndi zala mpaka bawuti ikhale pansi yokha. Ikakana poyambirira, tulutsani, ndiye kuti yalowa mopingasa. Ikakhala, tengani sipanala yaifupi, gwirani paipi ndi dzanja linalo kuti isazungulire limodzi, mangani pang'onopang'ono mpaka mumve washala wagwira. Osalumikiza chitsulo ku sipanala kuti italike. Ndinaona mnzathu wina makaniko atamuthera mazinga pamutu pa injini chifukwa chomanga ngati nati ya tayala. Njinga inagona sabata yathunthu, abwana ake akuwerengabe ya tsiku ndi tsiku.

Mapaipi nawo asakhale ongotola. Paipi ya madzi kapena kaja koonekera mkati ka petulo sizipirira oyilo wotentha, zimafewa kenako n'kuphulika. Funsani paipi yopangira oyilo. Poyendetsa, italikirane ndi ekizozi, isapindike mokhota kwambiri, isakhuze felemu pomwe pali msonga. Tembenuzani chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto, muone ngati foloko kapena madigadi sizikugunda cooler. Kumbukirani kuti foloko imalowa mkati mukagwera m'dzenje, ndiye siyani mpata. Pomanga kumapeto kwa paipi gwiritsani kilampu yachitsulo, ikhale kuseri kwa kamutu kotupa kaja. Mphira za chubu ndi zabwino pomangira dengu, koma oyilo wotentha amazidya.

Pali mitundu iwiri ya kit imene ndaiona kuno. Pa injini zogona zija za 110, imalowa m'malo mwa kachivundikiro ka pambali pa mutu wa silinda. Ina imalowa pansi, pomwe pamakhala kasefa ka oyilo. Ya pansiyi muisamale kwambiri, chifukwa pamenepo pampu imachita kukoka. Pakakhala mpata, mwina simuona dontho lililonse, koma pampu izikoka mpweya m'malo mwa oyilo. Njinga youma kunja, mkati ikufa ndi ludzu. N'chifukwa chake kungoona kuti sipakudontha sikokwanira. Muyenera kutsimikiza kuti oyilo akuzunguliradi.

Kuyesa kwake n'kotere. Thirani oyilo, ambiri kuno timathira 20W-50, ndipo dziwani kuti cooler ndi mapaipi zimwako gawo lina. Lizani injini osaponda moto, ingolira yokha mphindi zochepa. Gwirani cooler ndi mapaipi onse awiri: zikuyenera kuyamba kufunda. Injini ikatentha koma cooler ili zii, zimitsani msanga, oyilo sakudutsa. Zikafunda, zimitsani, dikirani pang'ono, imitsani njinga chilili pamalo osapendekeka, yezaninso ndi kandodo kake, onjezerani mpaka pa mzere. Osapitirira mzere. Oyilo wochuluka amadzifunira yekha potulukira.

Kenako pukutani polumikizira ponse pakhale gwa, muwazepo ufa woyera pang'ono, womwewu wa nsima. Yendani mtunda woti injini itenthe zenizeni, chifukwa malo ena amayamba kukha pokhapokha chitsulo chikatentha. Mukabwera yang'anani ufawo. Pomwe pachita chikasu kapena kuda, ndi pomwepo. Usiku ikani katoni pansi pa injini, m'mawa muiwerenge ngati kalata. Pakatha masiku awiri kapena atatu bwererani pa mabawuti onse ndi makilampu, injini itazizira, muone ngati pali pomwe pamasuka.

China chimene ambiri amaiwala ndi kapaipi kopumira injini. Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa mkati umafuna potulukira. Kapaipi kameneka kakatsekeka ndi matope a Januwale, kapena kakapanikizika pomwe mumamanga mapaipi atsopano, mpweyawo umakankha oyilo kudzera m'masilo ndi m'magasiketi. Munthu n'kumatukwana kit, chonsecho vuto lili pa kapaipi koti ungotsokosa ndi kawaya. Cooler nayonso ikamatidwa matope ndi katundu chabe, itsukeni mofatsa, tizipsepse take sitichedwa kupindika.

Mwina wina akuti, timadontho tomweti mpaka kulemba zonsezi? Eya. Injini ya lita imodzi ilibe oyilo wotaya. Dontho lililonse likuchoka pa kochepa komweko, ndipo paipi ikavuka uli pa liwiro, oyilo yense amatha usanazindikire. Injini ikanoka, ndalama yokonzera ndi ya madengu angati a matemba? Chachiwiri, cooler ili kutsogolo, mphepo imatengera oyilo kumbuyo. Akafika pa tayala lakumbuyo, pa kona yoyamba uli pansi, iwe ndi amene wamunyamula. Chachitatu ndi katundu. Amayi a mumsika wa Zomba mphuno zawo sizinama. Nsomba ikangomveka kafungo ka oyilo, dengu lonse latsika mtengo, ndipo mawa sakuimbiranso.

Chomaliza ndi nyanja yathuyi. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe, yonse imangothira, palibe wotuluka. Chimene chalowa chimakhala momwemo, ndipo nyanjayo ndi yosaya. Mu 1996 inalembedwa m'gulu la madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, koma ife sitifunika pangano kuti tidziwe kufunika kwake: ndi m'mene muli ndiwo, fizi ndi malata a nyumba zathu. Tikamatsukira njinga zodontha m'mphepete mwa madzi, utawaleza uja umaoneka pamwamba pa madzi ukupita mu njedza momwe nsomba zimaswana. Tsukirani njinga kumtunda. Oyilo wakutha musungeni m'chigubu, alipo amene amamufuna kupaka mitengo ya khola kuti chiswe chisadye. Osamuthira pansi, mvula ikabwera amatsikira konkuno.

Ndiye amene mukufuna kuika, konzekerani izi musanamasule bawuti ngakhale imodzi: mawashala 8 atsopano ndi ena apadera, gasiketi kapena O-ring yatsopano, paipi ya oyilo yeniyeni, makilampu achitsulo, oyilo woposa lita imodzi, nsanza zoyera, ufa pang'ono, ndi tsiku lopanda ulendo. Ngati mukupereka kwa makaniko, khalani pompo muziona, ndipo musachoke asanayese injini itatentha. Safunsa anadya phula, funsani pomwe simukumvetsa.

Amene munaika kale ndipo pakudontha, musadikire Loweruka. Tsukani lero, wazani ufa, mupeze pomwe pakuchokera. Tumizani uthengawu ku magulu a kabaza ndi kwa eni njinga omwe. Amene ali ndi funso andipeze pa doko madzulo, sipanala 12 ndi 14 ndimayenda nazo.