Ulendo wa ku Bembeke ndi ku Mua pa Nyengo ya Maluwa

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda sabata yoyamba ya Sepitembala, kuchokera ku mapiri a ku Bembeke kutsikira ku Mua, kufupi ndi nyanja. Udali ulendo wa ntchito yathu ya masiku onse, koma zimene maso athu adaona m'makomo mwa anthu zidatipatsa maganizo amene sadatichoke kufikira lero.

Ku Ulaya chaka chigawika panayi, ndipo maluwa a kumeneko aphuka m'miyezi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, nthaka ikali yonyowa. Kwathu kuno si chomwecho ai. Chisanu chathu chitha mu Ogasiti, mvula itasiya kale miyezi inayi. Udzu wauma, zitsime zayamba kuphwa, ndipo akamvuluvulu azunguza fumbi m'mabwalo. Tsono ndi pa nyengo yomweyi, pamene munthu akadati palibe kanthu kangaphuke, mitengo yambiri ivala maluwa, isadalandire ndi dontho limodzi lomwe la mvula. Mizu yake ifika pansi pamene pakali chinyezi, ndipo m'thunthu mwake muli chakudya chimene idasunga dzinja lapitalo, monga banja lanzeru lisunga chimanga m'nkhokwe.

Bembeke ali pamwamba, m'dziko la Inkosi Kamenyagwaza, ndipo kuchokera kumeneko munthu aona phiri la Dedza, limene nsonga yake ili mamita 2,198 pamwamba pa nyanja ya mchere. Kuzizira nkosasimbika, ndipo m'mawa umene tidanyamuka nkhungu idali isadachoke m'madambo. Dzuwa litakwera pang'ono tidaona kuti pafupifupi khomo lililonse lili ndi mitengo ya mapichesi, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, koma nthambi zake zitadzala maluwa ofiirira ngati thambo la m'bandakucha. Mtengo umenewu kwawo kwenikweni ndi ku China. Uli ndi khalidwe lakelake: ufuna kuyamba wagona m'chisanu cha Juni ndi Julayi, ndipo ukapanda kuzizidwa mokwanira suchita maluwa bwino. Chifukwa chake mapichesi akondwa ku Dedza ndi ku mapiri a ku Ntcheu, koma ku nyanja akana.

Tidapatuka pa nyumba ya agogo ena amene tiwadziwa kuyambira kale. Khomo lawo nlaling'ono, koma losesedwa bwino. Kuseri kwa nyumba kuli mapichesi asanu, pafupi ndi khola pali muwale umene udali utayaka psuu ndi maluwa ofiira, ndipo m'mbali mwa khonde adandanditsa miphika yong'aluka ndi zitini zakale, m'mene adabzalamo marozi ndi timaluwa tina. Tidawapeza alikuthirira ndi madzi otsala potsuka mbale.

Titalonjerana, tidawafunsa kuti, "Agogo, mjigo uli kutali chotere, madzi a maluwa muwapeza kuti?"

Iwo adaseka nati, "Aphunzitsi, madzi a pakhomo pano agwira ntchito kawiri. Otsukira mbale ndi otsukira mbatata sindiwataya pabwalo ai. Aliyense wa ana angawa ali ndi chikho chake madzulo."

Tikali chilankhulire, padafika mdzukulu wawo, mnyamata wa mphamvu zake, nkhwangwa ili paphewa. Iyeyu ali pa chitomero, ndipo waumba njerwa zomangira nyumba. Chimene chamsowa ndi nkhuni zootchera. Adatipatsa moni mwaulemu, natembenukira kwa agogo ake nati, "Agogo, lero aphunzitsi atiweruze. Ine ndifuna nyumba, inu mukakamira maluwa. Kodi maluwa adyedwa?"

Tivomere kuti funso limeneli lidatigwira pakamwa. Mnyamatayo sadali kunena zopusa: nyumba ndi chinthu chofunika, ndipo njerwa sizipsa ndi mawu. Koma agogowo sadadikire chiweruzo chathu. Adamgwira dzanja namutengera pansi pa mtengo wa pichesi, nati, "Amuna anga, khalani chete mumvere." Tonse tidakhala duu, ndipo tidamva mtengo wonse ulikulira ndi njuchi. Ndipo adati, "Duwa lililonse limene mulionali ndi pichesi la mu Disembala. Fizi yanu ya ku sukulu idachokera m'mitengo yomweyi, pamene ndinkakhala pa msewu ndi lichero. Nanga chiluwe chimene mumanyambita nacho mbale dzinja lino, si maluwa a maungu kodi?" Mlandu udatha motere: adamloleza bulugamu wa m'mphepete mwa munda, pakuti bulugamu akamdula aphukanso pa chitsa, koma mapichesi ndi muwale adati nkhwangwa isayandikeko iwo ali moyo.

Mawu a agogowo ndi oona, ndipo tifuna kuti ana a sukulu awamvetse. M'kati mwa duwa muli fumbi lachikasu lotchedwa mungu. Kuti chipatso chibadwe, mungu uyenera kufika pa kamutu kakang'ono kamene kali pakati pa duwa, ndipo amene agwira ntchito yonyamulayo ndiwo njuchi, ntchentche, agulugufe ndi timbalame ta milomo yaitali. Duwa liwaitana ndi maonekedwe ndi fungo lake, niliwalipira ndi timadzi totsekemera. Kotero munthu wothyola maluwa a mtengo wa zipatso athyola chakudya cha ana ake, ndipo wopopera mankhwala ophera tizilombo pa mtengo uli m'maluwa apha antchito ake omwe.

Kuchokera apo tidatsata msewu waukulu kufikira pa Masasa, pamene tidakwera galimoto yotsika ku Golomoti pa msewu wa Khwekhwerere. Msewu umenewu upindapinda ngati njoka m'mbali mwa phiri, ndipo pa ngodya iliyonse munthu aona chigwa chonse chili tantha, nyanja ilikung'anima patali. Apa mpamene tidaona ulemerero wa nkhalango yathu. Mitengo ya tsamba ndi ya mombo idali itayamba mphukira, ndipo phiri lonse lidali lofiira, pena ngati magazi, pena ngati mkuwa, pena ngati uchi. Mlendo akadati ndi maluwa, koma ndi masamba anthete, amene akhala ofiira masiku owerengeka asadabiriwire. Apo ndi apo muwale udaima wopanda masamba, timbalame tilikulimbirana maluwa ake.

Koma sitingakubisireni zina zimene tidaona pa msewu womwewo. M'mbali mwake mudali matumba a makala ataimikidwa mizeremizere, ndipo pa zitunda zina padatsala zitsa zokhazokha. Pena moto udali utapita usiku wathawo, wotenthedwa ndi osaka mbewa, ndipo mphukira zonse za m'munsi zidali zitafota. Moto wa mu Sepitembala ndi Okutobala ndi woopsa koposa wa mu Meyi, pakuti udzu wauma gwa ndipo mphepo ili ndi mphamvu. Upsereza maluwa, timitengo tating'ono ndi ming'oma ya njuchi yomwe. Sitinena izi ponyoza ootcha makala, pakuti tidziwa kuti ambiri awatuma ndi njala. Koma tidadzifunsa mumtima kuti, phiri likatha, maluwa ndi njuchi zidzathawira kuti, ngati si m'makomo mwathu?

Pofika pa Golomoti tidavula majekete. Nyanja yathu ili mamita ngati 475 okha pamwamba pa nyanja ya mchere, kotero m'kanthawi kochepa tidatsika mamita ngati 1,000, ndipo tidalowa m'dziko lina, la Inkosi Kachindamoto, la kutentha ndi milambe. Kuno mango adali atatsogola: pamene ku mapiri adali m'maluwa, ku chigwa kuno timango tidali titayamba kale kulendewera. Ngala imodzi ya mango ikhala ndi timaluwa mazanamazana, koma tosanduka zipatso ndi towerengeka. Mango akonda kuchita maluwa kunja kuli kouma, ndipo mvula kapena nkhungu ikawapeza pa nyengo imeneyi, maluwa agwidwa nguwi nayoyoka. Taonani tsono kuti chilimwe chimene ife tidandaula nacho ndicho chitipatsa mango a mu Novembala, pamene nkhokwe zambiri zayamba kupepuka.

Pa mudzi wina wa pakati pa Golomoti ndi Mua tidapuma pansi pa mvunguti. Pansi ponse padali mbwee maluwa akuluakulu ofiira moderako, mbuzi zilikuwatola. Maluwa a mvunguti amasula madzulo, ndipo alendo ake ndi mileme, imene ibwera usiku kudzamwa timadzi take nkunyamula mungu. Kukacha, maluwawo agwa. Mlambe nawonso uchita chimodzimodzi, koma nyengo yake idali isadakwane: uyembekeza kufikira mvula ili pafupi, ndipo duwa lake loyera, lalikulu ngati chikhatho, litseguka dzuwa litalowa nkufota tsiku lotsatira. Ana athu aponya miyala mileme nayiyesa ya malodza, osadziwa kuti malambe amene akonda kubwira adutsa m'ntchito ya mileme yomweyo.

M'mudzi momwemo mudali nyumba ziwiri zoyang'anana, ndipo tidakhala nthawi kuzipenya. Yoyamba idali ya malata atsopano, yomangidwa bwino ndithu, koma pabwalo pake padalibe ngakhale kamtengo komangapo mbuzi; ana adali ataunjikana m'kamthunzi ka khoma, ndipo mphepo idali kulowetsa fumbi pakhomo. Yachiwiri idali yaudzu, koma yozingidwa ndi mpanda wa chamwamba chili m'maluwa oyera, mapapaya atatu, mandimu onunkhira ndi mango aakulu awiri. Pansi pa mangowo padali amayi asanu ndi mmodzi alikusenda chinangwa, ndipo pakati pawo padali mayi wa ku nyumba ya malata ija. Mthunzi udawasamutsa pakhomo pawo popanda wowaitana.

Madzulo tidafika pa Mua, pamene Abambo Oyera adakhazika misoni m'chaka cha 1902, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Pamenepo palinso malo a Kungoni, amene adayambidwa ndi Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976, osungirako za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo pozungulira pake pali munda wa mitengo ndi maluwa a mitundumitundu. Tikuyenda m'menemo tidakumbukira kuti maluwa ambiri amene tiwaona pa mamisoni, pa masukulu ndi m'mizinda ndi alendo m'dziko muno. Jakaranda, amene avala maluwa obiriwira ngati thambo mu Sepitembala ndi Okutobala, adachokera ku South America. Bougainvillea, woyanga wa minga uja, kwawo ndi ku Brazil, ndipo adatchedwa dzina la Bougainville, Mfalansa woyenda panyanja wa m'zaka za m'ma 1760. Zofiira zimene tiziyesa maluwa ake ndi masamba chabe, duwa lenileni ndi kakang'ono koyera ka pakati. Deliya wachikasu wa m'mbali mwa misewu adachokera ku Mexico. Onsewa adabwera m'manja mwa anthu, wina atanyamula njere, wina kanthambi, ndipo lero akhala ngati eni mudzi. Sitiwakana ai, koma tisaiwale muwale, mlombwa ndi mvunguti, amene makolo athu adawapeza pompano, ndipo safuna kuthiriridwa.

Tsono, abale, chimene tabwera nacho ku ulendowu ndi pempho limodzi. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala nitha pa 15 Epulo, koma akulu adati mmera mpoyamba: wofuna kubzala mu Disembala akonzeke tsopano. Kumbani maenje nthaka isadafewe ndi kuthiramo manyowa. Sungani njere za mapichesi, mango ndi mapapaya okoma amene mudzadya chaka chino, ndi kuzifesa m'timachubu kapena m'zitini pa mthunzi. Muwale ndi chamwamba sizivuta konse, pakuti nthambi yake mukaizika m'nthaka yonyowa iphuka. Tchingirani kamtengo kalikonse ndi minga chifukwa cha mbuzi, ndipo lambulani udzu kuzungulira mudzi ndi manda moto usadafike. Atsikana ndi anyamata apatsidwe yense mtengo wakewake woti aziusamala, pakuti mwana amene wathirira mtengo sathamangira nkhwangwa akakula. Ndipo m'mwezi wa Okutobala, pamene mabanja atengera maluwa ku tchalitchi chifukwa cha Kolona, thyolani a m'miphika ndi a mu mpanda, koma a mitengo ya zipatso muwasiyire njuchi.

Posachedwa chizimalupsa chidzagwa, ndipo m'malupsa mudzatuluka duwa lija lofiira lobulungira ngati mpira, lotuluka m'nthaka lisadaonetse tsamba. Ana alipenye ndi maso okha, pakuti anyezi wake wa pansi ndi wakupha. Likadzaoneka, dziwani kuti makasu ayenera kukhala atasulidwa.

Pobwerera tidadzeranso pa khomo la agogo aja. Uvuni wa njerwa udali ulikufuka kumunsi kwa munda, maluwa a mapichesi adali atayamba kuyoyoka, ndipo pa nthambi padali timapichesi taubweya tating'ono ngati nsawawa. Mdzukulu uja tidampeza alikukumba maenje atatu pa malo pamene padzakhala bwalo la nyumba yake. Tidamfunsa chimene adzabzalamo, ndipo iye adayankha osadzutsa mutu, nati, "Kafunseni agogo, aphunzitsi, mbewu zake akusunga ndi iwowo."

Tsalani bwino nonse, kufikira mwezi wamawa.