Khutu la kompyuta ya quantum

Nyuzipepala zimakonda kuwerenga ma qubit, tizigawo timene kompyuta ya quantum imagwirira ntchito. Google inali nawo 53 mu 2019, IBM inafika pa 1,121 mu 2023, anthu n'kumaomba m'manja. Koma ukaitsata nkhaniyi kwa kanthawi, funso lako limasintha: qubit ikamaliza ntchito, yankho lake amalimva ndi chiyani?

Yankholo limatuluka ngati kachizindikiro ka microwave kofooka zedi, mkati mwa firiji yozizira pafupifupi 0.01 kelvin. Ampulifaya wamba akhoza kukakweza, koma amathiramo phokoso lake, uthenga n'kumira. Ali ngati munthu wogontha amene wapatsidwa ntchito yofuulira anthu zomwe wodwala akunong'ona. Mu 1982, Carlton Caves anaonetsa kuti pali mlingo wa phokoso umene ampulifaya wa mtundu wofalawu sangaupewe ngakhale atakonzedwa bwino chotani. Chotheka n'kungoyandikira malirewo.

Bernard Yurke ndi anzake ku Bell Labs anawayandikira kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Anagwiritsa ntchito Josephson junction, tizitsulo tiwiri tolekanitsidwa ndi kachikopa kopyapyala, momwe magetsi amadutsa popanda chopinga tikazizira. Chipangizocho chinakhala zaka pafupifupi 20 chosowa ochifuna, mpaka ma qubit anadzachifuna. Opereka ndalama za kafukufuku, amene amafunsa phindu ntchito isanayambe, sindikhulupirira kuti nkhani imeneyi imawakomera.

Mu 2015, akatswiri a ku Berkeley ndi a MIT Lincoln Laboratory anandandalika ma junction oposa 2,000 pa kachipangizo kamodzi, kotero kuti ampulifaya mmodzi atha kumvetsera ma qubit angapo nthawi imodzi.

Chomwe chimandipatsa maganizo n'chakuti wodzaza firiji si ampulifayayo ayi, iye ndi wamng'ono kale. Odya malo ndi alonda ake, ma circulator ndi ma isolator, timabokosi tachitsulo ta masentimita angapo toletsa mafunde kubwerera kukasokoneza qubit. M'kati mwake muli maginito, chonsecho maginito ndi mdani wa ma qubit omwewo, ndiye amafunikanso kuwatchinga. Pamwamba pake, pa 4 kelvin, palinso ampulifaya wachiwiri wotulutsa kutentha kumene firiji iyenera kuchotsa. Zonsezi n'za chingwe chimodzi chokha chotulutsira mayankho a ma qubit. N'chifukwa chake ofufuza ambiri tsopano akulimbana ndi ampulifaya wodutsitsa mafunde mbali imodzi yokha, woti asafunenso maginito pambali pake.