MFUTI YAIFUPI IFUNA DZANJA LOKHAZIKIKA

Anzathu ambiri okonda masewera olasa candamale atengeka mtima ndi mfuti ya mpweya yochedwa bullpup. Kapangidwe kake kanacokera ku mfuti za asilikari, monga Steyr AUG ya ku Austria ya m'caka ca 1977. Makina ake anawabweza kumbuyo kwa kacitsulo kowombera, pafupi ndi phewa, kotero kuti mfuti ifupika koma mpope wake ukhalabe wautali.

Ine ndawombapo mitundu yonse iwiri. Pamene bullpup yakhazikidwa pathebulo, ilasa bwino lomwe monga mfuti yaitali. Koma munthu akaimirira nayo nkhani isintha. Kulemera kwake kuli kumbuyo, ndipo kutsogolo kugwedezeka ngakhale ndi kupuma komwe. Galasi loyang'anira likhala pamwamba, patali ndi mpope. Mukaipendeketsa pang'ono, kacipolopolo kapita pambali. Kacitsulo kowombera nako kalumikizidwa ku makina ndi kandodo, ndipo pa mfuti zochipa sikamvera cala msanga.

Pa mpikisano wa Olympic, kumene kuwomba pa mtunda wa mamita 10 kunayamba mu 1984, kadontho ka pakati ndi theka cabe la milimita, pamene kacipolopolo ndi ka mamilimita 4.5. Kumeneko akatswiri agwira mfuti zaitali, pakuti sizitekeseka msanga.

Cotero, awerengi, musanataye ndalama zanu, yambani mwaiyesa muli ciimire. Ubwino wa mfuti yaifupi ndi kunyamulika kwake. Kulasa pakati kucokera m'kuphunzira kwa masiku ambiri.